Kuchoka pa kabuleta kufika pa kompyuta: mbiri ya amakanika a m'mbali mwa msewu wa Ntcheu

Msewu wa M1 ukachoka pa Chingeni kulowera ku Lilongwe umayamba kukwera pang'onopang'ono. Umadutsa pa Bawi ndi pa Kampepuza n'kufika pa boma la Ntcheu, kenako umagwira chitunda chenicheni cha ku Biriwiri ndi Mlangeni mpaka pa Lizulu, pomwe tsidya lina la msewu ndi Malawi, tsidya linalo ndi Mozambique. Balaka ali pa mamita pafupifupi 600 kuchokera pa nyanja yamchere, boma la Ntcheu lapitirira 1,000, ndipo mapiri a Kirk Range, kumene kuli Tsangano, apitirira 1,500. Wokwera basi amangomva makutu kutseka ndi kamphepo kozizira. Injini ya petulo imaumva mtunda umenewu mwamtundu wina. Mpweya wa kumtunda ndi wopepuka, ndipo injini wamba imataya pafupifupi magawo 3 pa 100 alionse a mphamvu zake ikakwera mamita 300. Amakanika a boma lino akhala akulimbana ndi chinthu chimodzi chomwechi kuyambira kale: petulo wolowa mu injini ayezedwe motani kuti agwirizane ndi mpweya umene ulipo.

Galimoto zisanachuluke, katundu wa m'dziko la Angoni a Gomani ankayenda pamutu ndi pangolo. Njanji imene inafika ku Salima mu 1935 inadzera kumunsi, m'chigwa cha Bwanje, pa Bilira ndi Sharpevale, choncho anthu a kumtunda anatsala ndi msewu ndi malole. Amisiri oyamba sanaphunzire m'kalasi. Ena anagwira sipanala ku usilikali wa KAR pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ena ku Salisbury, Bulawayo ndi ku Joni kumene anapita kukagwira ntchito, ena m'magalaja a boma a PVHO, ena pamishoni, pomwe galimoto imodzi ndi chigayo chimodzi zinkafuna munthu wozidziwa. Pobwerera kumudzi ankatenga kabokosi ka masipanala, n'kupeza mtengo wa mthunzi pafupi ndi msewu, n'kutenga mwana wa mlongo wawo kuti azipatsira zida. Mwanayo pakapita zaka naye ankatsegula pake.

Kuchokera m'ma 1960 mpaka m'ma 1980, galimoto za pamsewu umenewu munthu ankatha kuzitchula asanazione, pongomva kulira kwake: Land Rover, Bedford, Peugeot 404 ndi 504, Datsun 1200 ndi 120Y, Toyota Stout, Hilux ndi Corolla. Zatsopano zinkagulidwa ku Blantyre ndi Lilongwe, kwa Mandala Motors, Stansfield Motors kapena Mobile Motors, imene pambuyo pake inadzakhala Toyota Malawi, koma ku Ntcheu zambiri zinkafika zitadutsa kale m'manja awiri kapena atatu. Mabasi a UTM, amene Stagecoach inawagula mu 1989 n'kudzawasiya mu 1997, anali a dizilo, monganso malole akuluakulu ndi injini za Lister za m'zigayo. Izi n'zofunika kuzikumbukira, chifukwa injini ya dizilo siinakhalepo ndi kabuleta. Mafuta ake amapopedwa ndi pampu kudzera m'manozo. Choncho mmisiri wa ku Ntcheu ankadziwa kale nozo, ankadziwa kuti ikadontha m'malo mofwaza utsi umada. Chimene sankachidziwa ndi nozo yolamulidwa ndi magetsi.

Galimoto za petulo zinali za kabuleta. Kachipangizo kameneka n'kosavuta kukamvetsa. Pisitoni ikamatsika imakoka mpweya, mpweyawo umadutsa pakhosi popanikizika n'kuthamanga, ndipo kuthamangako kumayamwa petulo m'kambale kokhala ndi fuloti, kudzera m'timabowo ta mkuwa totchedwa majeti. Nzeru imeneyi inakhazikika Wilhelm Maybach atapanga kabuleta yofwaza mu 1893, ndipo makampani monga Solex, Zenith, SU ndi Weber anangopitiriza kuikonza. Kuti petulo apse yense pamafunika mpweya wolemera magalamu 14.7 pa galamu imodzi ya petulo. Kabuleta imayesetsa kufika pamenepo, koma ilibe njira yodziwira ngati yafika. Wodziwa ndi mmisiri.

Ntchito yake inali yokoma kuionerera. Amayala thumba la feteleza pansi, n'kuika beseni la petulo pang'ono pambali. Amachotsa chivundikiro cha kabuleta, kuzula kapini ka fuloti, n'kumasanja tizidutswa motsatana momwe tatulukira, poti kasipuling'i kamodzi kakagwera m'fumbi ndiye kuti tsiku lapita. Jeti amaipenyera kudzuwa, diso limodzi atatsinzina. Ikakhala yotseka amaiuzira ndi pakamwa, ikakana amaitokosa ndi kachingwe kamodzi ka waya, ngakhale amisiri osamala ankaletsa zimenezi chifukwa waya amakulitsa bowo. Gasiketi ikang'ambika amadula ina pa katoni, akugogoda m'mphepete ndi kahamala. Akamanga zonse amauza mnyamata kuti, "Taliza, iwe," iye n'kuika sikuludiraiva pa kasikuluwu, mutu ataupendeketsa, akupotokola pang'onopang'ono mpaka injini italeka kunjenjemera. Mwini galimoto akafunsa kuti, "Amisiri, nanga zomwa mafuta zija?" sayankha msanga. Amamasula pulagi n'kumuonetsa. Yakuda ndi mwaye, petulo wachuluka. Yoyera mbuu, wachepa. Yofiirira, zili bwino.

Koma kabuleta ili ngati wophika amene amathira mchere wofanana kaya ndiwo zachuluka kaya zachepa. Pikiapu yotchunidwa ku Balaka ikakwera ku Tsangano kukatenga mbatatesi ndi kabichi imapeza mpweya wochepa pomwe petulo akubwera yemwe uja, ndiye imafuka utsi wakuda, mapulagi amada, mphamvu n'kutha pachitunda pomwe ikufunika kwambiri. Yotchunidwa kumtunda ikatsikira kuchigwa imamva njala ya petulo, imatentha ndi kugogoda. M'mawa wa mwezi wa June pa Lizulu dalaivala ankakoka choko, kupopa phazi kangapo, zikakanika n'kuitana anyamata a pamsika kuti akankhe. Madalaivala a matola anazolowera moyo umenewu, ndipo ambiri ankayenda ndi mapulagi ena m'thumba.

Zaka za m'ma 1980 zinawonjezera mavuto ena. Mu 1982 fakitale ya Ethco ku Dwangwa inayamba kupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ndipo Malawi inakhala limodzi mwa mayiko oyambirira mu Africa kusakaniza ethanol ndi petulo. Zinathandiza dziko kusunga ndalama zakunja, koma ethanol amakoka madzi ndipo amadya mphira zakale za m'pampu ndi m'mapaipi, zimene amisiri anaziphunzira pomasula. Nthawi yomweyo nkhondo ya ku Mozambique inadula njanji za ku Beira ndi Nacala, mafuta ndi masipeya n'kumabwera mozungulira ndiponso modula. Kuyambira cha m'ma 1986 anthu othawa nkhondo anadzaza midzi ya m'malire a Ntcheu, malole a chakudya n'kumapita ndi kubwera mpaka pambuyo pa mgwirizano wa mtendere wa ku Rome wa 1992. M'zaka zimenezo luso la kusula chinthu pomwe palibe linakula zedi, ndipo kabuleta inkalola zimenezi. Ya Datsun inkatha kukhala pa Toyota ngati pali munthu wodziwa kudula chitsulo ndi kuboola.

Kunja zinthu zinali zitapita kale kwina. Mercedes-Benz 300 SL ya 1954 inali ndi pampu ya Bosch yopopera petulo mu injini popanda kabuleta, ndipo Peugeot 404 yomwe ija, ku Ulaya inkapezekanso ya pampu ya Kugelfischer. Zimenezi zinali za zitsulo zokhazokha. Kampani ya Bendix ku America inayesa kulamula manozo ndi magetsi, Chrysler n'kuika makinawo pa galimoto zowerengeka mu 1958, koma zinavuta moti zambiri anazibwezera makabuleta. Bosch inatenga nzeruyo n'kuikhwimitsa, ndipo mu 1967 Volkswagen 1600 inatuluka ndi D-Jetronic. Mu 1976 Volvo inaika mu ekisozi sensa yonunkhiza mpweya wotsala mu utsi, kotero kuti injini inayamba kudziuza yokha ngati petulo wachuluka kapena wachepa, kambirimbiri pa mphindi imodzi. Chimene chinakankha zonsezi kwenikweni ndi malamulo a utsi: la ku America la 1970, la ku Japan la 1978, ndi la ku Ulaya la 1992. Kabuleta inalephera kuwakwaniritsa. Inapulumuka m'mayiko okhala ndi malamulo ofewa, n'chifukwa chake Nissan 1400 ya ku South Africa inapangidwabe ndi kabuleta mpaka 2008, ndipo Toyota Tazz mpaka 2006.

Ku Malawi kusinthaku kunabwera ngati mkokomo pambuyo pa 1994. Malonda atamasuka, maminibasi a HiAce anadzaza misewu, ndipo kenako kunayamba kubwera galimoto zogwiritsidwa kale ntchito za ku Japan. Kumeneko galimoto imayesedwa ikakwanitsa zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyesako n'kodula, choncho eni ake amagulitsa ikadali yabwino. Chiwongolero chake chili kumanja monga zathu. Zinkatsika pa doko la Durban kapena Dar es Salaam, ndipo makampani monga Be Forward, imene inayamba mu 2004, atatsegula malonda pa intaneti, mphunzitsi wa ku Nsipe kapena wogulitsa mbatatesi wa pa Tsangano Turn-off ankatha kusankha galimoto pa foni. Kunabwera Corolla ndi Sprinter, kenako Vitz, Probox ndi Sienta, imene yasanduka matola a masiku ano.

Mmisiri wakale atatsegula boneti ya galimoto zimenezi anapeza kuti pomwe pankakhala kabuleta pali chitoliro ndi mawaya. Panalibe sikuluwu yoti apotokole. Kabuku ka m'galimoto kanali ka Chijapani, zomata za pansi pa boneti chimodzimodzi. Galimoto inabwera yokha, popanda chithunzi cha mawaya, popanda makina oyezera, popanda munthu woti afotokoze. Ena anachita chimene ankachidziwa. Anachotsa manozo ndi chitoliro chake, n'kuika kabuleta. Pa injini za Toyota monga 4A-FE ndi 5A-FE zinkatheka, chifukwa zinali ndi abale ake akale a kabuleta, 4A-F ndi 5A-F, amene zida zawo zinkalowa. Ankasinthanso disitibyuta ndi kuchepetsa mphamvu ya pampu, galimoto n'kulira. Inkamwa mafuta ochuluka kuposa kale ndipo inkavutanso m'mawa, koma inkayenda, ndipo ikafa pa Kasinje aliyense ankatha kuidzutsa.

Pali anthu amene amati kumeneku kunali kubwerera m'mbuyo chifukwa cha umbuli. Ine sindigwirizana nawo. Mmisiri amene anachita zimenezi anawerengera bwino zimene anali nazo. Kompyuta bokosi ina yolamula manozo inali ku Limbe kapena ku Joni, mtengo wake wosadziwika, ndipo panalibe chotsimikiza kuti vuto lili m'menemo. Mwini galimoto anali ndi matumba oyembekeza kupita kumsika mawa. Komanso petulo wa nthawi imeneyo sankagwirizana ndi injini zatsopanozi. Japan inali itasiya kale petulo wokhala ndi mtovu, pomwe kuno kumwera kwa Sahara anasiyidwa kumayambiriro kwa 2006. Mtovu umapha sensa ya mu ekisozi ndi chosefera utsi. Sensa ikafa kompyuta imayamba kuthira petulo mongoganizira, ndipo munthu woona utsi wakudawo ankati injini za kompyuta n'zachabechabe, pomwe cholakwa chinali m'thanki.

Nkhani ya m'thanki inadzafika poipa mu 2011, chaka cha zionetsero za pa 20 July, pamene mizere ya galimoto inkagona pa malo omwetsera mafuta. Boma la m'malire ngati Ntcheu linali ndi njira ina: petulo wa m'zigubu wochokera tsidya linalo, wogulitsidwa m'mbali mwa msewu ngakhale a MERA amaletsa. Zachitikanso pa kusowa kwa mafuta kwa 2022 ndi zaka zotsatira. Petulo wa m'chigubu amabwera ndi fumbi, madzi, nthawi zina palafini. Kabuleta imatsamwa, mmisiri n'kuiuzira, ulendo n'kupitirira. Nozo ya magetsi ili ndi timabowo tosaoneka bwino ndi maso, ndipo ikatseka silola waya. Pampu yake imakhala m'kati mwa thanki ndipo imazizira ndi petulo yemweyo, choncho chizolowezi chathu chothira malita awiri atatu n'kumayenda nyali ya mafuta ili chiyakire chimaiotcha. Mpaka lero zambiri zimene anthu amati ndi vuto la kompyuta zimakhala pampu, fyuluta, kapena waya wa nthaka amene wachita dzimbiri. Kompyuta yeniyeniyo siifa kawirikawiri, pokhapokha ikalowa madzi kapena wina akatembenuza mawaya a batire.

Njira yobwezera kabuleta inatha yokha. Injini ya 1NZ-FE, imene Toyota inayamba kupanga mu 1999 ndipo ili mu Probox, Sienta ndi Corolla zambiri, ilibe disitibyuta. Pulagi iliyonse ili ndi koyilo yake, nthawi yotsegukira mavavu imasinthidwa ndi kompyuta, giyabokosi ya otomatiki nayo imamvera kompyuta yomweyo. Ukaichotsa wachotsa zonse. Apa amisiri anayenera kuphunzira, ndipo anaphunzira. Oyamba anatulukira kuti Toyota zakale zimalankhula ndi nyali. Pansi pa boneti pali kabokosi, ukalumikiza TE1 ndi E1 ndi kawaya n'kutsegula kiyi, nyali ya injini pa dashibodi imayamba kuphethira. Kawiri, kupuma, kawiri: 22, sensa ya kutentha kwa madzi. Kawiri, kupuma, kamodzi: 21, sensa ya mu ekisozi. Mnyamata ankagwada pampando akuwerenga mokweza, mkulu wake atagwira pepala lokopera kwa mnzake wa ku Lilongwe, lodetsedwa ndi oyilo. Kenako kunabwera makina olowetsa pa soketi ya mabowo 16 pansi pa chiwongolero, imene ku America inakhala lamulo mu 1996. Otsika mtengo ena ankakana kulankhula ndi galimoto zopangidwira msika wa ku Japan, koma lero kachipangizo kokwana m'dzanja kamatumiza manambala pa foni.

Pamenepa ulemu wa pagalaja unasuntha. Kale wamagetsi anali munthu wa batire, sitata ndi nyali. Lero ndi iye amene amaitanidwa zikavuta, ndipo kawirikawiri ndi wachinyamata, wodziwa kufufuza pa foni, mwina wodutsa ku Nasawa, Soche kapena Lilongwe Technical kudzera ku TEVETA, imene inakhazikitsidwa mu 1999. Madala amene anamuphunzitsa kugwira sipanala tsopano amamufunsa. Komabe makina amangotchula dera la vuto. Akati sensa, mwina ndi khoswe amene wadya waya galimoto itagona pafupi ndi nkhokwe. Magalaja amene akuchita bwino ndi amene khutu la madala ndi foni ya mnyamata zikugwira ntchito limodzi, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona eni galimoto akugula masensa atatu anayi chifukwa wina anangowerenga nambala osagwira waya.

Pamene kuno ena ankachotsa manozo n'kuika kabuleta, kumwera ena ankachita zosiyana. South Africa ili ndi makampani opanga galimoto zamasewero zotengera zakale. Birkin, imene John Watson anayambitsa mu 1982 pafupi ndi Durban, inkapanga zofanana ndi Lotus Seven ya Colin Chapman ya 1957. Hi-Tech Automotive ya ku Port Elizabeth, tsopano Gqeberha, imapanga zofanana ndi Cobra, galimoto imene Carroll Shelby anaitulutsa mu 1962 poika injini ya Ford V8 m'thupi la AC ya ku England. Eni galimoto zoterezi amakonda maonekedwe ndi kulira kwa makabuleta a Weber kapena Holley, koma ambiri amatopa ndi mavuto omwe aja a dalaivala wa ku Tsangano, poti Durban ali panyanja pomwe Johannesburg ali pa mamita oposa 1,700. Ndiye amaika manozo a magetsi pa injini yakale, ena mpaka kugula zotsegulira mpweya zooneka ngati Weber kuti diso lisazindikire.

Ntchitoyo si yamatsenga. Kabuleta imafuna petulo wongokankhidwa pang'ono, manozo amafuna mphamvu yoposa pamenepo pafupifupi kakhumi, choncho pamafunika pampu ina, mapaipi olimba, fyuluta yabwino, ndiponso kawirikawiri paipi yobwezera petulo wotsala kuthanki. Kutsogolo kwa injini amamangako gudumu la mano, lotchuka ndi la malo 36 koma dzino limodzi lochotsedwa, kuti sensa izidziwa pomwe pisitoni yafika. Amaika sensa ya kutentha kwa madzi, ya mpweya, ya phazi la dalaivala, n'kuboola ekisozi kuwotchererapo malo a sensa ya utsi. Zonsezi zimakathera ku bokosi limene munthu amatha kulilembera yekha pa laputopu, monga MegaSquirt, imene Bruce Bowling ndi Al Grippo anayambitsa mu 2001 kuti anthu azidzimangira okha, kapena Dicktator ndi Spitronics a ku South Africa komweko. Chovuta ndi chomaliza: kudzaza tebulo louza bokosilo petulo wofunika pa liwiro lililonse ndi katundu aliyense. Kumeneko ndi kutchuna komwe kuja, kungoti sikuludiraiva yasanduka manambala.

Malawi inayesapo zofanana ndi zimenezi pa chifukwa chake. Cha m'ma 2006 ndi 2007 akatswiri a ku Lilongwe Technical College, mogwirizana ndi boma ndi Ethco, anasintha Mitsubishi Pajero kuti iziyendera ethanol, ndipo mu 2007 kunabwera Ford EcoSport ya ku Brazil yotha kuyendera petulo, ethanol kapena zosakaniza. Galimoto yotere imatheka chifukwa kompyuta imazindikira mafuta amene alowa n'kusintha muyeso. Kwa mwini pikiapu yakale ku Ntcheu njira yapafupi ndi ina. Thupi la Hilux kapena Datsun likakhala lolimba, amagula injini ya galimoto ya ku Japan imene yachita ngozi, pamodzi ndi mawaya ndi bokosi lake, n'kuiika m'menemo. Wowotcherera amasula zomangira, wamagetsi amakhala masiku akusanthula mtolo wa mawaya kuti apeze ofunika. Pikiapu yotere imalira kamodzi m'mawa wa June ndipo imakwera ku Tsangano yosafuka.

Kabuleta sinachoke m'boma muno. Yasamukira ku njinga zamoto za kabaza, zambiri zopangidwa ku China ndi kulowera ku Mozambique, ku majeneleta ndi ku mapampu othirira madimba, ndipo anyamata okonza njinga pa Lizulu ndi pa Kampepuza akuuzira majeti monga ankachitira agogo awo. Pamsewu waukulu pakuchuluka mtundu wina, Toyota Aqua, Prius ndi Honda Fit zoyendera petulo ndi magetsi pamodzi. Aqua, imene inatuluka mu 2011, ili ndi batire la mavoti 144 pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo mawaya ake akuluakulu anawakuta ndi mtundu wa lalanje kuti munthu asawagwire chisawawa. Magalaja ochepa a m'matauni ayamba kumasula mabatire amenewa ndi kusintha zigawo zofooka. Galimoto yotere ya ku Ntcheu ikavuta batire, nthawi zambiri imakwezedwabe pa lole kupita ku Lilongwe kapena Blantyre.